Mboni za mvula pa mapulazi a ku Macheke

Macheke ndi katauni kakang'ono kamene kali pamsewu waukulu ndi panjanji yochokera ku Harare kupita ku Mutare, makilomita pafupifupi 105 kuchokera ku Harare, ukangopitirira Marondera. Njanji inafika kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, amonke a chipani cha Trappist anatsegula mishoni ya Monte Cassino chapafupi mu 1902, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha dera la Macheke ndi Virginia linali litadzaza ndi minda ya fodya ya azungu. M'makomboni a mapulaziwo Chinyanja chinkamveka tsiku ndi tsiku, chifukwa ambiri mwa amene ankalima, kuthyola ndi kuotcha fodyayo anali ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson (Chipata wa lero). Mbiri ya malo otere timakonda kuikamba ngati nkhani ya nthaka yolandidwa, ya malipiro ochepa ndi ya machona, ndipo mtima wa nkhani ulidi pamenepo. Koma pakapinga kutsogolo kwa nyumba ya mwini pulazi pankaima kachipangizo kena kamene olemba mbiri amangokalambalala: choyezera mvula. Zambiri zimene dziko la Zimbabwe likudziwa lero za mvula yake zinachokera ku tizipangizo totchipa timeneti, kalikonse konama pang'ono. Zoona zinkatuluka pamene wina akhala pansi n'kuyerekeza mabodza awo. Ndipo paliponse pamene zoyezera zonse zinkanama bodza lofanana, kuchuluka kwake sikunathandize kanthu.

Choyezera chimene Angelezi anafalitsa m'maiko amene ankalamulira n'chosavuta kuchimvetsa. Ndi chitini chamkuwa chokhala ndi fanulo pamwamba, kukamwa kwake mainchesi 5, amene ndi mamilimita 127, ndipo madzi amatsikira m'botolo limene lili mkati. Ikakwana 8 koloko m'mawa, woyeza amatulutsa botololo, kukhuthulira madzi m'kagalasi kowonda kolembedwa mizere, kukweza kagalasiko mpaka kafanane ndi maso ake, n'kuwerenga. Nambalayo amailemba pa tsiku la dzulo, poti mvula yambiri imene akuyezayo inagwa dzulo masana kapena usiku. Mu choyezera chotere, mvula ya milimita imodzi ndi timadzi tosakwana mamililita 13, tosadzaza n'komwe sipuni yaikulu yodyera. Koma milimita imodzi yomweyo pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, migolo 50 ya malita 200. Choncho dzanja likanjenjemera n'kutaya sipuni imodzi, m'buku mwasowa migolo 50 pa hekitala iliyonse ya dera limene choyezeracho chikuimira.

Njira zolakwira n'zambiri, ndipo akatswiri a zanyengo akuzidziwa bwino. Mphepo ikamaomba imakankha madontho kuti adumphe kukamwa kwa fanulo, motero choyezera chimasonyeza mvula yochepa kuposa imene yagwa. Dzuwa limamwako madzi amene atsala m'botolo. Kangaude amatha kumanga ukonde pakhosi pa fanulo, masamba n'kutsekapo. Mtengo wa jakaranda umene dona anabzala pafupi umakula mwakachetechete, ndipo pakatha zaka 15 pulazi lija limaoneka m'buku ngati layamba kuuma, pamene chauma ndi chitini chokha chimene tsopano chili pamthunzi. Wothirira maluwa akhoza kuwonjezeramo madzi osadziwa. Palinso zolakwa za munthu weniweni. Ofufuza a ku Australia, Viney ndi Bates, anasonyeza mu 2004 kuti m'mabuku ambiri a mvula a kwawoko Lamlungu linkaoneka louma modabwitsa ndipo Lolemba lonyowa modabwitsa, chifukwa woyeza ankapuma Lamlungu n'kulemba madzi a masiku awiri pa tsiku limodzi. Ku America anapeza kuti oyeza ongodzipereka amakonda manambala othera ndi 5 kapena 0, ndiponso amanyalanyaza timvula tating'ono. Palibe chifukwa choganizira kuti anthu a ku Macheke anali osiyana ndi anzawo a kunjawo.

Munthu akhoza kufunsa kuti, ngati zili choncho, bwanji osangoika chipangizo chimodzi chabwino kwambiri m'manja mwa katswiri wophunzira, monga pa siteshoni ya kafukufuku ya Grasslands ku Marondera, n'kuleka kudalira zitini za m'mapulazi? Yankho lili m'khalidwe la mvula ya kuno. Mvula yambiri ya dzinja ku Mashonaland, monganso ku Kasungu kapena ku Mchinji, imagwa kuchokera ku mitambo yamabingu imene imakwera masana, ndipo mtambo umodzi umanyowetsa kadera ka makilomita ochepa chabe. Mlimi aliyense anaonapo mvula ikukhuthuka kutsidya kwa dambo pamene kwake kukuuluka fumbi. Chipangizo cha ku Grasslands chikhoza kunena zoona zokhazokha za malo amene chaimapo, koma za munda wa ku Virginia n'kukhala chosadziwa kanthu. Pa mvula ya chaka chonse kusiyanako kumachepa ndithu, chifukwa mitambo imasinthana malo. Koma mlimi safunsa za chaka chonse. Amafuna kudziwa ngati mvula yobzalira yakwana sabata ino, ndiponso ngati ng'amba ya mu Januwale yatha masiku 10 kapena 20. Pa mafunso amenewa zitini 30 zonama pang'ono, zomwazikana m'dera lonse, zimaposa chipangizo chimodzi chosanama.

Nzeru imeneyi si ya ku Rhodesia. Ku Britain, George James Symons anayamba mu 1860 kusonkhanitsa manambala a mvula kuchokera kwa abusa, madokotala, alimi ndi aliyense wofuna, ndipo pomwalira iye mu 1900 oyezawo anali oposa 3,000. Pafupifupi onse sankalipidwa. Atsamunda anabwera ndi mwambowo. Amishoni ndiwo anali patsogolo: wansembe wa chipani cha Jesuit, Edmund Goetz, anatsegula malo oyezera zanyengo ku Bulawayo mu 1903, ndipo mpaka lero malowo amatchedwa dzina lake. Kenako maofesi a boma, masiteshoni a njanji, mapolisi ndi mapulazi analowa nawo. Mwini pulazi anali ndi chifukwa chakechake choyezera mvula, poti ankafuna kudziwa tsiku lookera mbande za fodya, kukula kwa damu loti amange, ndi zonena kubanki chaka chikavuta. Boma linangowonjezera kanthu kamodzi: fomu yoti mwezi ukatha aikopere manambala n'kuiponya papositi kupita ku ofesi ya zanyengo ku Salisbury (Harare wa lero). Kanthu kameneka ndi kamene kanasandutsa mabuku a anthu paokhapaokha kukhala chuma cha dziko. Buku la pulazi limodzi limangothandiza mwini wake. Mafomu mazanamazana atasanjidwa patebulo limodzi ankatha kutsutsana, ndipo potsutsanapo wolakwa ankaonekera.

Mfumu iliyonse yoweruza milandu pabwalo imadziwa kuti mboni zisanu zimene zinaona nkhani zili malo osiyanasiyana zimaposa mboni imodzi, ngakhale iliyonse iphonyeko pena. Imadziwanso kuti mboni zisanu zimene zinamva nkhaniyo kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi yokha. Masamu a nkhaniyi anakhazikika kalekale, m'masiku a Legendre ndi Gauss kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Tiyerekeze kuti choyezera chilichonse chimaphonya ndi mamilimita 10, pena kuwonjezera, pena kuchepetsa, aliyense mwa njira yake. Mukaphatikiza zoyezera 4 n'kutenga nambala yapakati, kuphonyako kumatsika kufika pa mamilimita 5. Zikakhala 25 kumafika pa 2, zikakhala 100 kumafika pa 1. Onani kuti phindu limanka lichepa: kuti cholakwa chitsike ndi theka muyenera kuchulukitsa zoyezera kanayi. Koma masamu okomawa ali ndi lamulo lake. Amagwira ntchito pokhapokha ngati zolakwazo n'zosagwirizana. Ngati mphepo ikuba mamilimita 5 pa choyezera chilichonse, ndiye kuti ngakhale mutakhala ndi zoyezera 1,000, mamilimita 5 aja amakhalabe osowa, ndipo choopsa n'chakuti tsopano mukukhulupirira nambala yolakwikayo ndi mtima wonse poona kuti zonse zikuvomerezana.

Mu 1948 Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku Bell Laboratories ku America, anasindikiza ntchito imene inayambitsa phunziro loyeza uthenga. Iye ankaganiza za matelefoni ndi matelegalamu, osati za mvula, koma mfundo zake ziwiri zikukhudza nkhani yathu mwachindunji. Yoyamba ndi yakuti uthenga ndi chokhacho chimene sukanatha kuchidziwa usanauzidwe. Wokuuza zimene ukudziwa kale sanakuuze kanthu. Yachiwiri ndi yakuti njira yaphokoso, imene imasokoneza mawu ena, ikhoza kunyamula uthenga wolondola ngati wotumiza abwereza zina mwanzeru, kuti wolandira athe kuona pamene palakwika n'kukonza. Mfundo ziwirizi zimakokana. Choyezera chachiwiri choimikidwa pafupi ndi choyamba sichikuuza zatsopano za mvula, koma chimakuuza tsiku limene choyamba chatsekeka. Choyezera choimikidwa kutali, kumene kulibe china, chimabweretsa uthenga wambiri watsopano, koma chikanama palibe wochitsutsa. Mu 1996 Toby Berger ndi anzake awiri, Zhen Zhang ndi Harish Viswanathan, anaika vutoli m'masamu motere: mkulu wina sangathe kuona yekha chimene chikuchitika, ali ndi nthumwi zambiri zimene iliyonse ikuona mwachimbuuzi, nthumwizo sizikumana, ndipo mauthenga awo onse ali ndi malire a kutalika. Anapeza kuti kungochulukitsa nthumwi sikuthetsa cholakwa ngati njira yotumizira mauthenga ili yopapatiza. Kalaliki wa ku Salisbury amene ankatsegula maenvelopu ochokera ku Macheke anali atakhala m'vuto lomweli zaka zambiri lisanapatsidwe dzina.

Ndipo anthu a ntchito imeneyi anapeza njira zawo. Alfred Thiessen wa ku America anasonyeza mu 1911 mmene mungagawire mapu kuti choyezera chilichonse chiimire malo amene ali pafupi nacho kuposa ndi china chilichonse, kuti zoyezera zounjikana pamodzi zisaphimbe mawu a chimene chili chokha. Ena anayamba kuwonkhetsa mvula ya siteshoni imodzi chaka ndi chaka n'kuiyerekeza ndi ya anansi ake: bola mzere ukuyenda mowongoka zonse zili bwino, ukangopindika ndiye kuti china chasintha, kaya choyezera chasunthidwa, kaya jakaranda uja wakula. Njira imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri lero pojambula mapu a mvula inachokera kumigodi ya golide ya ku Witwatersrand, komwe Amalawi ambiri anapita pa Wenela. Danie Krige, injiniya wa migodi, analemba mu 1951 za mmene mungayerekezere golide amene ali m'thanthwe pogwiritsa ntchito zitsanzo zochepa zokumbidwa apa ndi apo, poganizira kuti zitsanzo zoyandikana zimafanana ndipo siziyenera kuwerengedwa ngati mboni zosiyana. Georges Matheron wa ku France anaikonza njirayo n'kuitcha dzina la Krige.

Tsono manja amene ankagwira ntchito zonsezi anali a yani? Fomu inkanyamula dzina la pulazi. Koma pulazi la fodya linkayenda ndi makapitawo, makalaliki, ogwira ntchito zam'nyumba ndi osonkha moto, ndipo pa ntchito zofuna kuwerenga ndi kulemba azungu ankakonda kulemba anthu a ku Nyasaland chifukwa cha masukulu a mishoni a ku Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma. Komiti ya Lacey inapeza mu 1935 kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko lawo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kuwanyamula pa malole a Ulere, ndipo mu 1946 linakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi. Anthu amenewa sankafunika kuphunzitsidwa za kuphatikiza miyeso, chifukwa ankachita zimenezo usiku uliwonse m'mabalani. Kuotcha fodya wa mtundu wa Virginia kumatenga pafupifupi sabata. Poyamba kutentha kumakhala cha m'ma madigiri 35 kuti tsamba lisanduke lachikasu, kenako moto amauwonjezera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 70 kuti mtsempha wapakati uume. Mkati mumapachikidwa zoyezera kutentha ziwiri, china chouma, china chokulungidwa ndi kansalu konyowa, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kumanena za chinyezi. Wosonkha moto amakoka chingwe kuti choyezera chifike pakawindo, n'kuwerenga ndi nyali. Koma woidziwa ntchito sakhutira ndi nambala. Amadziwa kuti pafupi ndi ng'anjo pamatentha kuposa m'makona, amalowetsa dzanja kukhudza tsamba, amanunkhiza mpweya wotuluka pamwamba, ndipo kansalu kaja kakauma amadziwa kuti choyezera chachiwiri chayamba kungobwereza mawu a choyamba. Kukwera moto msanga kumaumitsa tsamba likadali lobiriwira, kuchedwa kumalidetsa, ndipo zonse ziwiri zimagwetsa mtengo kumsika. Chuma cha fodya wa Rhodesia chinkadalira chiweruzo cha anthu amenewa nthawi ya 2 koloko usiku, koma malipiro awo sankasonyeza zimenezo.

Apa ndipo pali chilema chachikulu cha dongosolo lonselo, ndipo ndi chilema cha mtundu uja umene kuchulukitsa sikuuchiza. Lamulo logawa nthaka la mu 1930 linapereka pafupifupi theka la dziko kwa azungu, makamaka mtunda wokwera umene njanji imadutsa. Zoyezera zinatsatira mapulazi. M'dera la Macheke zinali zoyandikana, pamene m'malo osungira anthu akuda oyandikana nalo, monga Mangwende kumpoto ndi Weya kum'mawa, zinali patalipatali, pa mishoni, pa ofesi ya boma kapena pa sukulu ina. Mu 1960 ofufuza Vincent ndi Thomas anagawa dziko lonse m'zigawo zisanu zaulimi potengera kwambiri mvula, ndipo Macheke inagwera m'chigawo chachiwiri, cholandira mamilimita 750 mpaka 1,000 pachaka. Mapu amenewo analamulira malangizo a alangizi, ngongole za mabanki ndi mitundu ya mbewu kwa zaka 60, mpaka boma linawakonzanso mu 2020. Sindikunena kuti mapuwo anali abodza. Pa zambiri anali olondola. Koma mizere yake inajambulidwa ndi umboni wochuluka pamene pankakhala alimi ochepa olemera, ndi umboni wochepa pamene pankakhala alimi ambiri osauka, amene ng'amba ya milungu itatu inkatanthauza njala. Mwa masamu a Shannon, choyezera chimodzi chowonjezera ku Mangwende chikanabweretsa uthenga wochuluka kuposa china chowonjezera ku Virginia. Chimene chinkasankha malo a zoyezera sichinali masamu, chinali lamulo la nthaka.

Chaka cha 2000 chinasintha zonse, ndipo Macheke inali pakati penipeni. Pa 15 Epulo chaka chimenecho David Stevens wa pulazi la Arizona anaphedwa, mzungu woyamba kufa pa kulanda mapulazi, ndipo nyumba za antchito ake zinatenthedwa. M'zaka zochepa mapulazi ambiri mwa pafupifupi 4,500 a azungu anagawidwa. Antchito a m'mapulazi, amene anali oposa 300,000, ambiri anataya ntchito, ochepa kwambiri ndiwo analandira malo, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ndi adzukulu ambiri a Amalawi, Amozambiki ndi Azambia opanda dziko mpaka malamulo atsopano a mu 2013. Fodya anatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni mu 2000 kufika pansi pa 50 miliyoni mu 2008. Poyerekeza ndi masautso amenewa, chitini chamkuwa n'chinthu chaching'ono, ndipo sichiyenera kulirilidwa kuposa anthu. Komabe mafomu ochokera m'mapulazi ambiri analeka kufika, ndipo mzere wa manambala ukaduka sulumikizikanso. Mvula imene sinayezedwe mu 2004 singayezedwe lero.

Wina anganene kuti kukamba zotere ndi kusirira ulamuliro wa azungu mobisa. Umboni ukukana. Ku Malawi kunalibe kulanda mapulazi, koma zoyezera mvula zotumiza manambala ku nthambi ya zanyengo zinachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene boma linkadula ndalama zoyendetsera ntchito zake. Maiko ambiri a mu Africa anaona zomwezo. Ku Zimbabwe komweko kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunafooketsa positi ndi maofesi a boma, moti ngakhale woyeza wokhulupirika analibe njira yotumizira fomu yake. Chimene chinafa si luso la mzungu. Chinafa ndi njira yotumizira ndiponso tebulo loyerekezerapo. Kunena zoona, kugawa nthaka kunachulukitsa anthu amene ali ndi chifukwa choyezera mvula: pamene panali mwini mmodzi pali mabanja makumimakumi, alimi a fodya olembetsedwa anapitirira 100,000, ndipo mu 2023 anakolola makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni, kuposa chaka chilichonse cha nthawi ya azungu. Mboni zilipo zambiri kuposa kale. Palibe amene akuziitana.

Chitsutso cholimba kwambiri n'chakuti masiku ano kuli masetilaiti, ndipo amaona dziko lonse mosakondera mzungu kapena wakuda. N'zoona, ndipo ndi mphatso yaikulu. Gulu la TAMSAT la pa yunivesite ya Reading lili ndi manambala a mvula a Africa yonse kuyambira 1983, ndipo CHIRPS ya ku Santa Barbara ku California ili nawo kuyambira 1981, pa timabwalo ta makilomita pafupifupi 5. Koma setilaiti zimene ntchitozi zimadalira siziona mvula. Zimayeza kuzizira kwa pamwamba pa mtambo, n'kuganizira kuti mtambo wozizira kwambiri, umene wakwera patali, ukugwetsa mvula. Kuti kuzizira kwakutikwakuti kukhale mamilimita akutiakuti, pamafunika zoyezera zapansi zoti ziyerekezedwe nazo. Mvula ya mitambo yotsika, imene ku Zimbabwe amati guti ndipo kwathu timati chiperoni, setilaiti imaiphonya kawirikawiri, pamene mtambo wozizira wopanda dontho imatha kuulemba kuti wagwetsa mvula. Ndipo ikaphonya, imaphonya mofanana pa timabwalo tonse ta dera limenelo. Timabwalo 1,000 pa mapu timaoneka ngati mboni 1,000, koma tonse tinamva kwa munthu mmodzi.

Amalawi analipira mtengo wa cholakwa cha mtundu umenewu mu 2016. Boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity pa madola 4.7 miliyoni. Mvula inavuta, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza mu Epulo kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu pafupifupi 6.5 miliyoni anafunika chakudya. Koma pulogalamu ya pakompyuta ya bungwelo, imene imagwiritsa ntchito mvula yoyezedwa ndi setilaiti, inati okhudzidwa sakupitirira 21,000, choncho panalibe cholipira. Ofufuza a ku LUANAR atapita m'midzi anapeza kuti pulogalamuyo inauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anali atasinthira ku chocha msanga, cha masiku pafupifupi 90, chimene ng'amba inachipeza pa nthawi yovuta. Atakonza nambala imodziyo, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni mu Januwale 2017, njala itafika kale pachimake. Wolakwa sanali setilaiti yeniyeniyo ayi. Linali ganizo limodzi lolakwika limene linalowa m'boma lililonse la dziko mofanana, ndipo kuchuluka kwa manambala sikukanalivumbula. Linavumbuka pamene panabwera mboni ya mtundu wina, yoyenda pansi n'kufunsa alimi.

Pa chifukwa chomwechi, sitiyenera kupeputsa zimene alimi amaona ndi maso awo: kuya kwa chinyezi akakumba ndi khasu, kuphukira kwa mitengo, kumene mphepo ikuchokera. Zizindikirozi zimaphonya, zina kwambiri, ndipo amene amati makolo sankalakwa pa zanyengo akungokometsa nkhani. Ubwino wake ndi wakuti zikaphonya zimaphonya mwa njira yosiyana ndi setilaiti ndi chitini, ndipo chimenechi ndi chimene masamu amafuna kwa mboni yowonjezera.

Makina odziyezera okha nawonso ali ndi malo awo, koma ndi odula, amafuna batire, netiweki ndi wowapukuta, ndipo amakhala ochepa. Inshuwalansi yoyamba ya mvula ku Malawi, imene NASFAM ndi Banki ya Dziko Lonse anayesa mu 2005 ndi alimi 892 a mtedza, inkalandira okhawo okhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa siteshoni ya Chitedze, Lilongwe, Kasungu kapena Nkhotakota. Kampani ya Econet itayamba EcoFarmer mu 2013, inayesera m'chigawo cha Mashonaland East momwe muli Macheke, ndipo inachita kuimika zoyezera zake. Paliponse vuto ndi limodzi: mlimi amene munda wake wauma koma siteshoni yanyowa salandira kanthu, ndipo chaka chamawa sagulanso. Amene amati manambala a anthu osaphunzira za sayansi ndi zinyalala aone zimene zinachitika ku Britain mu 2020, pamene Ed Hawkins wa ku Reading anapempha anthu wamba kukopera pakompyuta mapepala akale a mvula, ambiri a nthawi ya Symons. Anthu 16,000 anakopera manambala oposa 5 miliyoni m'masiku 16, ndipo nambala iliyonse inalembedwa ndi anthu anayi osadziwana kuti wolakwa aonekere. Ubwino wa zotsatira unachokera ku kakonzedwe ka ntchito, osati ku masatifiketi a okopera.

Choyezera chapulasitiki lero n'chotchipa kuposa thumba la feteleza, ndipo foni yapamanja imatumiza nambala tsiku lomwelo imene kale inkadikira positi ya kumapeto kwa mwezi. Makampani a fodya ali kale ndi alangizi oyendera alimi awo ku Macheke, monganso ku Kasungu ndi ku Chipata. Sukulu, zipatala ndi mipingo zili m'madera ambiri akumidzi. Nthambi za zanyengo ku Harare, ku Blantyre ndi ku Lusaka zigawe zoyezera, ziyambire kumene kunalibe n'kale lomwe, zilembe dzina la woyeza aliyense, ndipo zimubwezere mapu a mvula ya dera lake kuti aone kuti nambala yake inafika. Mabuku akale a mvula a m'mapulazi amene akadali m'makatoni, kwa ana a eni ake akale kapena kwa ana a makalaliki, afunidwe ndi kukoperedwa chiswe chisanawamalize.